Kukopera kamvekedwe ka ampulifaya ya gitala mu kompyuta ndi Neural Amp Modeler

Ampulifaya ya mavalavu ngati Fender Twin Reverb imalemera makilogalamu pafupifupi 30, kukoma kwake kumamveka ikakwezedwa voliyumu, ndipo mavalavu akatha pamafunika ndalama ndithu kuti mugule ena. N'chifukwa chake oimba gitala ambiri masiku ano amasiya ampulifaya ku situdiyo n'kunyamula kamvekedwe kake m'kafayilo kosakwana megabaiti imodzi, komwe amakaika mu laputopu kapena mu pedal.

Kale, kupanga model ya ampulifaya, kutanthauza chotsanzira kamvekedwe kake mu kompyuta, inali ntchito ya mainjiniya okhaokha. Ankatsegula chidacho, kuyeza valavu, resistor, capacitor ndi thiransifoma, n'kulemba masamu oonetsa mmene magetsi amayendera m'katimo. POD ya Line 6 yomwe inatuluka mu 1998 ndi Axe-Fx ya Fractal Audio zinachokera ku njira imeneyi. Njira yatsopano sifuna kutsegula kanthu. Mumalowetsa mawu odziwika mu ampulifaya, kujambula zomwe zatuluka, ndipo makina amaphunzira okha mmene mawu olowa amasinthira kukhala otuluka. Kampani ya Kemper ya ku Germany inaonetsa Profiler yake mu 2011, Neural DSP ya ku Helsinki inatulutsa Quad Cortex mu 2021, ndipo IK Multimedia ya ku Italy inabweretsa TONEX mu 2022. Pano tikufotokoza za Neural Amp Modeler, kapena kuti NAM, yomwe anaiyambitsa Steven Atkinson, chifukwa ndi yaulere ndipo imaonetsa poyera zonse zomwe zikuchitika. Mukaidziwa bwino, zida zinazo sizidzakuvutani.

Chomwe makina amaphunzira

Sipika ndi maikolofoni zimangokongoletsa mawu mofanana, kaya mwakhwacha chingwe pang'ono kapena mwamphamvu. Kamvekedwe kake kamakwana m'kafayilo kotchedwa IR (impulse response). Ampulifaya siili choncho. Mukakhwacha pang'ono imalira moyera, mukakhwacha mwamphamvu imasasa, ndipo kusasako kumadaliranso zomwe munaimba kanthawi kochepa kapitako, chifukwa ma capacitor amakhala asanabwerere m'malo mwake. Kuti zimenezi zigwidwe, NAM imagwiritsa ntchito neural network (pulogalamu yomwe imaphunzira kuchokera ku zitsanzo) ya mtundu wa WaveNet, womwe kampani ya DeepMind inaufalitsa mu 2016 pofuna kupanga mawu a munthu. Ofufuza a ku Aalto University ku Finland, mwa iwo Alec Wright ndi Vesa Välimäki, anaonetsa kuti network zoterezi zingathe kutsanzira ampulifaya pompopompo pamene munthu akuimba.

Model ya NAM ya kukula kwa standard imayang'ana ma sample (tizidutswa ta mawu tomwe kompyuta imasunga ngati manambala) 4,093 apitawo kuti itulutse sample imodzi. Pa 48 kHz, kutanthauza ma sample 48,000 pa sekondi, amenewo ndi mamilisekondi pafupifupi 85. Chilichonse chomwe chimatenga nthawi yoposa pamenepo, model siingachikumbukire. Choncho reverb, delay, chorus ndi tremolo sizikopereka. Zizimitseni zonse musanayambe, ngakhale reverb ya sipuling'i ya mu ampulifaya momwemo. Noise gate ndi compressor yochedwa kumasula nazonso zichotseni.

Model siisiyanitsa chabwino ndi choipa. Ngati pali kebulo yotha, phokoso la magetsi kapena maikolofoni yoikidwa pamalo olakwika, zonsezo zimalowa m'phunziro. Anthu ambiri amataya maola akuwonjezera ma epoch (maulendo obwereza pophunzitsa model), pamene vuto linachitika m'mphindi zitatu zojambula.

Zida, ndi chomwe chimawotcha ampulifaya

Mukufunika audio interface (kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu pa kompyuta) yokhala ndi output ya line yopatula, reamp box, makebulo abwino, DAW (pulogalamu yojambulira mawu) ngati Reaper kapena Cubase, ndi fayilo yoyesera ya NAM yotchedwa v3_0_0.wav kapena input.wav. Multimeter ndi yothandiza kwambiri, tiona chifukwa chake kutsogoloku.

Reamp box, monga Radial ProRMP kapena Palmer Daccapo, imakhala pakati pa interface ndi ampulifaya. Interface imatulutsa mawu a balanced amphamvu, pamene ampulifaya imayembekezera mawu a unbalanced ochokera ku gitala. Bokosili limasintha mtunduwo, limachepetsa mphamvu, ndipo thiransifoma yake imadula kulira kwa "huuu" komwe kumabwera kompyuta ndi ampulifaya zikalumikizana ndi ethi kudzera njira ziwiri. N'zotheka kulumikiza interface mwachindunji ku ampulifaya, ndipo ena zimawayendera, koma pa ampulifaya ya gain yambiri phokoso limakula msanga.

Kenako sankhani pomwe mudzatengere mawu. Mungathe kuika maikolofoni ngati Shure SM57 kutsogolo kwa sipika, ndipo model idzakhala ndi ampulifaya, sipika ndi maikolofoni pamodzi. Ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, koma sipikayo simudzaisinthanso, ndipo phokoso la m'chipinda, galimoto yodutsa kapena jenereta ya a neba zimalowa. Mungathenso kutenga mawu pa send ya effects loop (potulukira mawu pakati pa magawo awiri a ampulifaya), koma apo mwangokopera preamp, gawo loyamba, mwasiya mavalavu akuluakulu omwe amapatsa ampulifaya thupi. Njira yomwe timaikonda ndi yachitatu: kutenga mawu pa output ya sipika kudzera mu load box (bokosi lolandira mphamvu ya ampulifaya m'malo mwa sipika), monga Suhr Reactive Load kapena Two Notes Torpedo Captor. Mumapeza ampulifaya yonse popanda sipika, kenako n'kumasankha IR iliyonse yomwe mukufuna. Load box ikhale ya reactive. Sipika yeniyeni siikhala ndi ma ohm ofanana pa mawu onse, amakwera pa mawu a pansi pomwe sipika imanjenjemera kwambiri ndiponso pa mawu a pamwamba, ndipo ampulifaya ya mavalavu imamva kusinthako. Load ya resistor yokha imatulutsa mawu ophwatalala.

Apa pakufunika kusamala kwenikweni. Ampulifaya ya mavalavu isayatsidwe popanda sipika kapena load box pa output yake, ngakhale mukungotenga mawu pa effects loop. Mphamvu ikasowa kopita, magetsi amakwera mu output transformer mpaka kuboola zotchinga za mawaya ake, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zigawo zodula kwambiri. Ma ohm afanane: output ya 8 ohm ipite ku load ya 8 ohm. Pakati pa ampulifaya ndi load box gwiritsani kebulo ya sipika, osati ya gitala. Kunja zimaoneka zofanana, koma ya gitala ili ndi kawaya kochepa komwe kamatentha n'kuduka, ndipo kakaduka ampulifaya yatsala yopanda load. Output ya sipika isalowe mwachindunji mu interface. Mawati 100 pa 8 ohm ndi mavoti 28, pamene input ya line ya ma interface ambiri imathera pa mavoti osakwana 10. Onaninso mawati a load box yanu: ambiri amalembedwa 100, ndipo ampulifaya ya mawati 100 ikasasa kwambiri imapyola pamenepo.

Magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a 230 V pa 50 Hz. Ampulifaya yogulidwa ku America ndi ya 120 V ndipo imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi, werengani zolembedwa kumbuyo musanalumikize. Phokoso likavuta, dinani batani la ground lift pa reamp box. Musathyole kapena kulambalala mwendo wa ethi pa pulagi ya ampulifaya. M'kati mwake muli mavoti 400 kapena kuposa, ndipo zingwe za gitala zomwe mwagwira zimalumikizana ndi chitsulo cha ampulifayayo.

Kujambula

Lumikizani motere: output ya interface ipite ku reamp box, reamp box ipite ku input ya ampulifaya, output ya sipika ipite ku load box, ndipo output ya line ya load box ibwerere ku input ya line ya interface. Ngati load box ili ndi chotsanzira sipika, chizimitseni. Kuseweretsa ndi kujambula kuchitike pa interface imodzi. Mukaseweretsa pa foni n'kujambula pa kompyuta, mawotchi a zida ziwirizi amasiyana pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto mafayilo sakugwirizananso.

Yatsani ampulifaya ndipo idikireni mphindi 15 kapena 20 kuti itenthe. Valavu yozizira imalira mosiyana ndi yotentha, ndipo ngati ikusinthabe pamene mukujambula, makina adzalandira mayankho awiri pa funso limodzi. Pa chifukwa chomwechi, musajambule pamene magetsi akutsika ndi kukwera, kapena pa jenereta yomwe ikugawana mphamvu ndi firiji. Mphamvu ya ampulifaya ya mavalavu imatsatira magetsi a pakhoma.

Pamene mukudikira, lumikizani gitala mwachindunji ku ampulifaya ndi kukonza mabatani mpaka kamvekedwe kakhale komwe mukufuna. Model idzagwira malo amodzi okhawo. Jambulani chithunzi cha mabataniwo ndi foni.

Mu DAW ikani pulojekiti pa 48 kHz ndi 24-bit. Fayilo yoyesera ikhale pa thiraki ya mono, kuyambira pa ziro penipeni, fader ili pa 0 dB, popanda pulagini iliyonse pa thirakiyo kapena pa master. Zimitsani chilichonse chomwe chimakoka kapena kufinya mawu kuti agwirizane ndi tempo, monga warp ya mu Ableton Live. Itumizeni ku output yomwe yapita ku reamp box yokha. Pangani thiraki yachiwiri ya mono yojambulira, ndipo monitoring yake isabwerere ku output imeneyo, apo ayi mawu adzazungulira n'kuyamba kulira okha.

Fayiloyi ndi ya mphindi 3 ndi masekondi 10. Masekondi 9 oyambirira ndi gitala yoyesera, yomwe makina saphunzirapo koma amaisunga kuti adziyese nayo. Pambuyo pake pamabwera timawu tiwiri ta "thi", kenako mawu okwera kuchokera pansi mpaka pamwamba, phokoso, ndi gitala yochuluka yophunzirira. Kumapeto, masekondi 9 oyamba aja amabwerezedwa. Timawu ta "thi" ndi tomwe pulogalamu imayezera kuchedwa kwa mawu paulendo wotuluka ndi kubwerera. Kubwerezako ndi njira yoonera ngati ampulifaya inayankha mofanana poyamba ndi pomaliza.

Seweretsani kaye gawo laphokoso kwambiri ndi kukonza gain ya interface kuti nsonga zifike pafupi ndi -6 dBFS pa mita ya DAW, pomwe 0 ndiye malire. Getsi lofiira likayaka ngakhale kamodzi, tsitsani ndi kuyambiranso, chifukwa model idzaphunzira kusasa kwa interface ngati kuti ndi kwa ampulifaya. Mukakhutira, jambulani fayilo yonse osakhudza kanthu. Potulutsa, ikhale WAV ya mono, 48 kHz, 24-bit, kuyambira pa ziro ndipo kutalika kwake kufanane ndendende ndi kwa fayilo yoyesera. Musadule chete wa koyambirira, musaike fade, musaisinthe kukhala MP3. Kukula kwake ndi pafupifupi megabaiti 27, zomwe n'zofunika kudziwa ngati mukuitumiza pa intaneti ya bandulo.

Mphamvu yolowa, pomwe ambiri amaphonya

Model ingathe kufanana ndi ampulifaya bwinobwino pamayeso, koma munthu wina akalumikiza gitala yake n'kupeza kuti ikusasa mopitirira kapena ikumveka yofooka. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta siidziwa mavoti, imangodziwa manambala a pakati pa -1 ndi 1. Nambala 1 pa reamp box yanu ingakhale mavoti 3, pamene pa interface ya mnzanu ndi voti imodzi ndi theka. Kwa ampulifaya, kusiyana kumeneku n'chimodzimodzi kupotokola batani la gain.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Chotsani kebulo yomwe ikulowa mu ampulifaya. Seweretsani sine wave ya 1 kHz pa 0 dBFS kudzera njira yomweyo, osasintha batani lililonse, ndipo yezani mavoti a AC pakati pa nsonga ya jaki ndi thunthu lake. Ma multimeter otsika mtengo ambiri salondola pa 1 kHz, choncho ngati yanu ndi yotere gwiritsani 100 kapena 200 Hz. Sandutsani mavotiwo kukhala dBu, muyeso wa mphamvu ya mawu pa zida zoimbira: gawani ndi 0.775, tengani log10 ya yankho, n'kuchulukitsa ndi 20. Mwachitsanzo mavoti 3.1 kugawa ndi 0.775 ndi 4, ndipo zimenezi zimapereka 12 dBu. Lembani nambalayo m'gawo la metadata pophunzitsa. Woimba akalemba mu pulagini ya NAM, pulogalamu yoimbira model, nambala ya maximum input level ya interface yake, yomwe imapezeka m'buku la chidacho, n'kuyatsa calibrate input, pulagini imakonza yokha kusiyanako.

Pokonza batani la reamp box, musaope kutumiza mawu amphamvu. Ngati munaphunzitsa model ndi mawu ofooka, siinaonepo mmene ampulifaya imachitira ikakankhidwa ndi humbucker kapena ndi pedal ya boost, ndipo ikafika pamenepo imangolota.

Kuphunzitsa

Ngati kompyuta yanu ili ndi khadi la zithunzi la NVIDIA, ikani Python ndi PyTorch, lembani pip install neural-amp-modeler, kenako lembani nam kuti windo lophunzitsira litseguke. Ngati ilibe, gwiritsani notebook ya NAM pa Google Colab, yomwe imakubwerekani GPU, kutanthauza khadi loterolo, kwaulere kudzera pa intaneti. Webusaiti ya Tone3000, yomwe kale inkatchedwa ToneHunt, nayonso imaphunzitsa ma model ndi kuwasunga. Pa CPU yokha ntchitoyi imatheka koma imatenga maola ambiri.

Sankhani fayilo yoyesera, fayilo yomwe mwajambula ndi kukula kwa model. Standard ndiyo yolondola kwambiri. Lite, feather ndi nano zimachepa motsatana, zimafuna mphamvu yochepa ya kompyuta koma zimataya pang'ono kulondola. Phunzitsani standard nthawi zonse, ndipo ngati model ikupita ku kachida kofooka, phunzitsaninso feather kuchokera pa fayilo yomweyo. N'chifukwa chake fayilo yojambulidwayo musaitaye.

Epoch imodzi ndi ulendo umodzi wodutsa m'mawu onse ophunzirira. Yambani ndi 100, omwe pa Colab amatenga mphindi pafupifupi 10. Ngati zotsatira zili bwino, bwerezani ndi 500 kapena kuposerapo. Pulogalamu isanayambe imakuonetsani chithunzi cha timawu ta "thi" tija. Chiyang'aneni. Mzere wosonyeza kuchedwa uyenera kukhala patsogolo pang'ono pa pomwe funde likuyambira. Ukakhala pambuyo pake, ndiye kuti mukuuza makina kuti atulutse mawu asanawamve, ndipo sangathe.

Pomaliza mumalandira fayilo ya .nam ndi nambala ya ESR, yomwe ndi mphamvu ya zolakwika kugawa ndi mphamvu ya mawu enieni. Ikakhala pansi pa 0.01, model ndi yabwino kwambiri. Mpaka 0.035 ndi yogwiritsika ntchito. Ikafika pa 0.1 muyesere ndi khutu, ndipo ikapyola 0.3 chinachake chalakwika pojambula. Ampulifaya yoyera imatsika mosavuta kufika pansi pa 0.01. Ya gain yambiri imakhala ndi ESR yokwererapo ngakhale ikumveka bwino, chifukwa phokoso lake la "siii" silingaloseredwe ndipo limawerengedwa ngati cholakwika. Musapikisanitse nambala za ma ampulifaya osiyana.

Pulogalamu ikakana fayilo ponena kuti magawo awiri obwerezedwa aja sakufanana, ganizirani izi: reverb kapena tremolo inatsala yoyaka, ampulifaya inali isanatenthe, wina anakhudza batani, kapena kompyuta inadumpha ma sample. Chomalizachi chimathetsedwa pokweza buffer (ma sample omwe kompyuta imakonza pa kamodzi) kufika pa 512 kapena 1024 pojambula, popeza apa palibe amene akuimba ndipo kuchedwa kulibe kanthu. Ikalephera kupeza timawu ta "thi", kawirikawiri ndi noise gate yomwe yatimeza, kapena phokoso lachuluka mpaka kutikwirira. Ikadandaula za kutalika kapena sample rate, bwererani ku DAW mukatulutsenso fayilo. Model ikamveka ngati njuchi m'chitini, mwakopera ampulifaya yopanda sipika ndipo mwaiwala kuika IR. Ikamveka yotsekeka, mwaika IR pamwamba pa model yomwe ili kale ndi sipika.

Mayeso enieni ndi gitala. Imbani pa ampulifaya, kenako pa model, voliyumu ikhale yofanana chifukwa khutu limakonda chomwe chakwera. Tsitsani batani la voliyumu pa gitala kufika pa theka ndi kumva ngati kusasa kukuchepa mofanana. Mverani mmene noti yaitali ikuzimiririka, ndi mmene zingwe za pansi zikumvekera mukazitsamira ndi chikhatho. Pedal za fuzz ngati Fuzz Face sizituluka ndendende pa mayeso a voliyumuwa, chifukwa zimakokana ndi pickup ya gitala mwachindunji, ndipo reamp box si pickup.

Nanga mabatani onse?

Mabatani a bass, middle ndi treble omwe ali pa pulagini ya NAM ndi EQ wamba yobwera pambuyo pa model. Sachita zomwe mabatani a ampulifaya yanu amachita. Njira yachidule ndi kujambula kangapo: gain pa 3, pa 5, pa 7 ndi pa 10, n'kulemba manambalawo m'dzina la fayilo iliyonse.

Kupanga model imodzi yomwe mabatani ake onse akugwira ntchito ndi nkhani ina. Ampulifaya ya mabatani 5, lililonse ndi malo 10, ili ndi makonzedwe 100,000. Pa mphindi zitatu chilichonse, amenewo ndi maola 5,000 ojambula osapuma. Neural DSP inapanga loboti yotchedwa TINA yomwe ili ndi timamota togwira mabatani. Lobotiyo imawapotokolera pa malo osankhidwa mwachisawawa, kujambula kachidutswa kakafupi, kulemba malo a batani lililonse, n'kupita pa ena. Network imalandira mawu pamodzi ndi manambala a mabataniwo, ndipo imaphunzira kudzaza mipata ya malo omwe siinawamve. Malo amasankhidwa mwachisawawa chifukwa mabatani amakokana: pa ampulifaya zambiri za Fender ndi Marshall, kukweza treble kumasinthanso middle. Munthu angathe kuyesa zimenezi ndi manja pa pedal ya mabatani awiri kapena atatu, koma ayenera kuika zizindikiro zolondola pa batani lililonse, chifukwa kuphonya pang'ono kumaphunzitsa network bodza.

Poimba nayo, lumikizani gitala ku input ya instrument kapena Hi-Z, yomwe imakhala ndi 1 megaohm ngati ya ampulifaya. Input ya line imapha mawu a pamwamba a pickup. Buffer ikhale 64 kapena 128, pa 48 kHz ma sample 128 ndi mamilisekondi 2.7. Pulagini imagwira pa Windows ndi macOS, mu DAW kapena payokha. Zida monga MOD Dwarf, Dimehead NAM Player ndi Darkglass Anagram zimawerenga fayilo ya .nam mwachindunji, pamene zina zotsika mtengo monga Valeton GP-5 zimaisandutsa kaye kukhala mtundu wawo wopepuka, choncho muimverenso ikalowa m'chidacho. Pa siteji kapena m'tchalitchi, model yokhala ndi IR ipite ku mikisa kapena ku sipika ya PA. Mukailowetsa ku input ya ampulifaya ina ya gitala, mawu adzadutsa mu preamp kawiri ndi mu sipika kawiri. Ngati ampulifaya ya gitala ndi yokhayo yomwe ilipo, zimitsani IR ndi kulowera pa return ya effects loop.